Lubani wa kuseri kwa khoma

Tsiku limene tinalowa m'nyumba yathu ku South Shields, chimene chinayamba kutilonjera ndi fungo. Nyumba za kuno mukuzidziwa, n'zophatikizana ngati malayini a pa esiteti, moti mnzako akakazinga anyezi umadziwiratu ndiwo zake. Madzulo amenewo kunabwera kafungo kena kamene kananditengera kutali, ku Nkhotakota kumene ndinakulira, panjira imene tinkadutsa pafupi ndi mzikiti popita kumsika. Anali lubani. Ndinauza bambo a ana kuti, "Kuseri kwa khomali kuli Asilamu." Iwo anali atacheza kale ndi munthu wina panja potsitsa katundu, ndiye anangoti, "Ndi Aluyatu amenewo. Akuti kwawo kwenikweni ndi ku Yemen."

Ndisakunamizeni abale, mtima unandigunda. Kwa mwana wokulira ku Nkhotakota, mawu akuti Mluya sabwera okha. Amabwera ndi Jumbe, amene anakhazikika m'mphepete mwa nyanja cha m'ma 1840, ndi zombo zimene zinkawolotsa akapolo kupita kutsidya, ndi ulendo wapansi wopita ku Kilwa umene ambiri sankafika. Amabweranso ndi Mlozi wa ku Karonga, amene ananyongedwa mu 1895. Zimenezi tinaziphunzira ku pulayimale, ndipo si nthano ayi, zinachitikadi. Vuto langa linali lakuti za Aluya ndinkangodziwa zokhazo basi. Ndiye mwezi wathunthu unatha ndikungopereka moni wa dzanja patali, n'kulowa m'nyumba msangamsanga.

Amene anathetsa zimenezi ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 11. Tsiku lina analowa atanyamula mbale yokhala ndi chakudya chooneka ngati chikondamoyo chopyapyala, chosanjikizana, pamwamba pali uchi ndi timbewu takuda. Akuti agogo a pakhomo lachiwiri amupatsa. Pambuyo pake ndinadzamva kuti dzina lake ndi bint al-sahn, kutanthauza mwana wamkazi wa mbale, ndipo ku Yemen amaphikira alendo olemekezeka. Tinadya mpaka kunyambita zala. Koma mukudziwa mmene tinaleredwera, mbale ya mwini sibwerera yopanda kanthu. Loweruka ndinakazinga mandasi, n'kumanga chitenje, ulendo wa masitepe asanu.

Ananditsegulira ndi mayi wa zaka ngati 70, atafunda mpango kumutu. Ndinali nditakonzeka kulankhula pang'onopang'ono, poganiza kuti Chingerezi chimawavuta. Ine ndi amene ndinavutika. Chimene chinatuluka pakamwa pawo ndi Chingerezi cha kuno kumpoto chakum'mawa kwa England, chimene amachitcha Geordie, chokhuthala kuposa cha madalaivala a basi. Anandikokera kukhitchini, n'kuteleka tiyi wamkaka wothira cardamom, wotsekemera kwambiri, amene amati ndi tiyi wa ku Aden. Nditafunsa kuti anabwera liti kuno, anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti anabadwira misewu itatu kuchokera pamene tinakhalapo, mayi awonso anabadwira konkuno, ndipo agogo awo aamuna anafika nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe.

Kuyambira tsiku limenelo khitchini imeneyo inakhala ngati sukulu yanga. Zina anandiuza okha, zina ndinakaziwerenga ku laibulale ya m'tauni muno, ndipo ndinaona kuti ndi nkhani imene ife Amalawi tingaimve bwino kuposa ena ambiri.

Mu 1839 Angerezi analanda doko la Aden, kummwera kwa Yemen. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, Aden anasanduka malo aakulu pamene sitima zapamadzi zopita ku India zinkamwera malasha. Sitima za nthawi imeneyo zinkafuna anthu oponya malasha mung'anjo ndi fosholo, pansi penipeni pa sitima, motentha moti amalinyero ambiri achizungu sankaifuna ntchitoyo. Anyamata ochokera kumidzi ya kumapiri, makamaka cha ku Taiz, ankatsikira ku Aden kukalembedwa. Sitimazo zinkawatula kumadoko a malasha a ku Britain monga Cardiff ndi South Shields, pamene mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja, ndipo pofika m'ma 1890 ena anali atayamba kukhazikika kuno. Aliyense ankati akungofuna ndalama zogulira munda ndi zokwatirira, kenako abwerera.

Ndikumva zimenezi ndinakumbukira agogo athu amene ankapita ku Wenela ndi ku Halale ndi mawu omwewo. Ena anabweradi ndi njinga ndi wailesi. Ena ndi aja tinawatcha matchona.

Mlendo akatsika sitima ankalunjika kunyumba yogona alendo ya munthu wakwawo, m'dera la Holborn m'mphepete mwa mtsinje. Mwini nyumbayo ndiye anali ngati nyakwawa: ankamusungira ndalama, kumukongoza ntchito ikasowa, kumupezera sitima ina, ndipo akamwalira ankaonetsetsa kuti waikidwa mwa Chisilamu. Akazi a ku Yemen sankabwera nawo masiku amenewo, choncho ambiri anakwatira akazi a konkuno. Agogo aakazi a mnansi wangayu anali mzungu wa m'tauni muno, ndipo akuti abale awo ena anasiya kuwalankhula chifukwa cha ukwatiwo.

Nkhondo yoyamba ili mkati, anthuwa ankafunika kwambiri, ndipo ambiri anafera m'nyanja sitima zikumizidwa. Nkhondo itatha ntchito zinachepa, ndiye omwe aja anasanduka "olanda ntchito zathu". Mu 1919 kunabuka zipolowe kuno komanso ku Cardiff ndi ku Liverpool. Mu 1925 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza amalinyero osakhala azungu kulembetsa kupolisi ngati alendo, kupatula amene akanasonyeza mapepala otsimikizira kuti ndi nzika za ufumu wa Britain. Nanga munthu wobadwira kumudzi wa kumapiri chikalata cha kubadwa akanachitenga kuti? Mu Ogasiti 1930 kunachitika chipwirikiti chachikulu pamalo otchedwa Mill Dam, pamene ankalembera anthu ntchito za m'sitima, chifukwa cha dongosolo latsopano la mzere limene linkakhudza Aluya ndi Asomali okha. Ena anamangidwa, atamaliza ukaidi n'kubwezedwa kwawo. Inu amene muli ku Joni, ndi ife amene timagona ndi nkhawa ya viza, palibe chachilendo pamenepa. Lero pa Mill Dam pali malo ochitira zisudzo, anthu amadya ayisikilimu akuyang'ana mtsinje.

Koma sanachoke. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera shehe wina wa ku Yemen, Abdullah Ali al-Hakimi, amene anakhazikitsa malo opempherera ndi kuphunzitsa ana komanso akazi achizungu amene analowa Chisilamu, asanasamukire ku Cardiff. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anthuwa anasonkherana n'kumanga mzikiti wa Al-Azhar ku Laygate, umodzi mwa mizikiti yoyambirira kumangidwa ngati mzikiti kuchokera pa maziko m'dziko muno. Mu Julayi 1977 katswiri wankhonya Muhammad Ali anabwera kudzadalitsitsa ukwati wake mumzikiti umenewu. Mnansi wanga analipo pa chikhamu cha anthu panja, ndipo akamasimba tsiku limenelo nkhope imawala ngati ndi dzulo. Mwana wanga sanatengeke ndi Ali. Chimene chinamudzidzimutsa n'chakuti Jade Thirlwall, woimba wa gulu la Little Mix, ndi mwana wa m'tauni muno ndipo agogo ake aamuna anali a ku Yemen.

Ndiye ndinayamba kuyang'anitsitsa m'nyumba muja, kuti patatha zaka zoposa 100 chatsala n'chiyani.

Chakudya chatsala. Lachisanu amaphika saltah, msuzi wa nyama umene umafika patebulo ukubwadamuka mum'phika wamwala, pamwamba pali thovu la mbewu ya fenugreek, ndipo amadya ndi buledi wopyapyala ndi manja. Amamwa qishr, chakumwa cha makoko a khofi ndi jinja. Anandikumbutsa monyadira kuti Asufi a ku Yemen ndiwo ankamwa khofi m'zaka za m'ma 1400 kuti asagone popemphera usiku, kuti mawu akuti khofi anachokera ku mawu a Chiarabu akuti qahwa, ndiponso kuti mocha amene timagula mokwera mtengo m'tauni ndi dzina la doko la kwawo, Mocha, kumene khofi ankakwezedwa m'zombo. Lubani watsala: mlendo akamanyamuka amamuyendetsera utsi kuti zovala zinunkhire. Mayina atsala. Pakhoma pali chithunzi cha mzinda wakale wa Sana'a, nyumba zazitali za njerwa zokongoletsedwa ndi mizere yoyera m'mawindo, umene bungwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1986. Mapemphero atsala, ndi mwambo wa maliro.

Chimene sichinatsale ndinachizindikira mochedwa. Tsiku lina ankamvetsera nyimbo ya ku Sana'a, mwamuna akuimba motsatana ndi chipangizo cha zingwe chotchedwa oud. Ndinafunsa kuti akuimba chiyani. Anakhala chete pang'ono, kenako anati sakudziwa.

Bambo awo anabwera kuchokera ku Yemen nkhondo yachiwiri itatha, n'kukwatira mwana wa Mluya wa konkuno. Ankakhala panyanja miyezi yambirimbiri, ndipo akabwera ankalankhula Chiarabu ndi amuna anzawo kunyumba ya alendo ndi kumzikiti. Kwa ana ankalankhula Chingerezi chothyokathyoka, poganiza kuti akuwathandiza kusukulu. Ana ankapita ku madrasa madzulo, ndiye mnansi wanga amatha kuwerenga Korani, zilembo zonse 28 kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo amaloweza ndime zambiri. Koma Chiarabu chili ndi nkhope ziwiri. Pali cha m'mabuku, chimene amati fusha, cha m'mapemphero, m'manyuzipepala ndi pa nkhani za pa wailesi kuyambira ku Morocco mpaka ku Oman. Ndiye pali cha pakhomo, chimene chimasiyana dera ndi dera, moti wa ku Morocco ndi wa ku Yemen akhoza kuvutika kumvana. Chimenechi ndiye chokalipira mwana, chonenera miseche, chopepesera. Ichi sanachilandire.

Bambo awo atamwalira, azakhali awo a kumudzi anayenda ulendo wautali kupita kutauni kukaimba foni. Mnansi wanga ndi amene anayankha. Akuti mayi uja analankhula nthawi yaitali akulira, ndipo iwo anangomvapo dzina la Mulungu ndi dzina la bambo awo. Sanathe kuwauza kuti mchimwene wawo sanavutike, kuti ana onse analipo, kuti ankawatchula mpaka kumapeto. Anangogwira foniyo n'kumalira nawo mpaka inaduka. Azakhaliwo anamwalira patapita zaka zochepa, asanaonane.

Ndinabwerera kunyumba miyendo ili lendelende, chifukwa Lamlungu la sabata yomweyo tinali titaimbira amayi anga pa WhatsApp. Anafunsa mdzukulu wawo kuti wadzuka bwanji, iye n'kuyankha bwinobwino kuti wadzuka bwino kaya agogo. Atafunsa funso lachiwiri, lokhudza sukulu, mwana anatembenukira kwa ine kuti ndimasulire. Amayi anaseka, koma mwana atachoka anandifunsa kuti, "Iwe, mwana ameneyu adzandilira m'chilankhulo chanji?" Ndinazitenga ngati nthabwala za akuluakulu. Nditamva za azakhali a ku Yemen aja, funso lija linasiya kuseketsa.

Mwana wangayu nsima amadya, ndipo chambo chouma chikabwera m'chikwama cha wina amachidziwa ndi fungo. Pa 6 Julayi amavala chitenje cha mbendera. Tikakumana Amalawi kumapemphero amaimba nyimbo za Chichewa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphonya. Ndinkadzitonthoza ndi zimenezi. Koma n'chimodzimodzi ndi mnansi wanga ndi Korani yake: pakamwa pali mawu, koma kucheza sangacheze. Abale athu a ku Zimbabwe anganene bwino. M'makomboni a m'migodi ndi m'mafamu gule wamkulu akuvinidwabe, mayina a Phiri ndi Banda alipo, koma zidzukulu zambiri zimalota m'Chishona kapena m'Chindebele. Mbale, nyimbo ndi dzina zimayenda zokha. Chilankhulo chimafuna munthu woti achinyamule tsiku ndi tsiku, ndipo m'badwo umodzi ukangotula pansi, wotsatira sapeza potolera.

Pamwamba pa phiri m'tauni muno pali mabwinja a linga la asilikali a Roma lotchedwa Arbeia. Akatswiri ena amati dzinali limatanthauza malo a Aluya, chifukwa gulu la oyendetsa mabwato ochokera ku mtsinje wa Tigris, ku Iraq wa lero, linakhalapo kumeneko. Tinapitako ndi mnansi wanga pamodzi ndi ana. M'nyumba yosungiramo zinthu zakale muli chiliza chimene chinafukulidwa mu 1878, cha mayi wina dzina lake Regina, amene anamwalira ali ndi zaka 30 pafupifupi zaka 1,800 zapitazo. Anamusema atakhala pampando, pambali pali dengu la ubweya ndi kabokosi ka zokongoletsera. Anali mbadwa ya kummwera kwa Britain, kapolo amene mbuye wake anam'masula n'kumukwatira. Mwamunayo, Barates, anali wa ku Palmyra, m'chipululu cha Syria. Zofunika zonse zinalembedwa m'Chilatini, chilankhulo cha boma. Koma pansi pake pali kamzere kamodzi ka zilembo zina, Chiaramu cha ku Palmyra, chilankhulo chapachibale ndi Chiarabu, ndipo m'kamzere kameneko ndi mmene muli mawu a kulira. Pamphepete mwa Tyne panalibe anthu ambiri oti angawerenge. Analembabe.

Tili pomwepo, poti pamwalapo panali nkhani ya ukapolo, ndinalimba mtima n'kuwaululira mnansi wanga chifukwa chimene ndinkawazembera mwezi woyamba uja. Ndinawauza za Jumbe ndi zombo zake. Sanakane, sanadziteteze. Anati za Zanzibar ndi mafumu a ku Oman anamvapo, koma Nkhotakota anali asanaimvepo, ndipo anandipempha kuti ndiwasonyeze pa mapu. Kenako anati nthawi imene zimenezo zinkachitika makolo awo ankalima mapira m'mapiri, osauka ngati wina aliyense. Ndinachita manyazi, osati chifukwa mbiri ija ndi yabodza, koma chifukwa ndinasenzetsa mayi mmodzi katundu wa anthu a m'mayiko 22. Mwa Aluya muli olemera a ku Dubai ndi othawa nkhondo a ku Syria, muli akuda ngati ine ku Sudan ndi oyera ku Lebanon, muli Asilamu, mulinso Akhristu amene Baibulo lawo limatchula Mulungu kuti Allah. Ndipotu Asilamu ambiri padziko lapansi si Aluya: Indonesia yokha ili ndi Asilamu ochuluka kuposa dziko lililonse la Aluya.

Pobwerera tinayamba masewera ofufuza mawu. Ndinatchula lubani, iwo n'kudumpha, akuti luban. Mzikiti, masjid. Shehe, sheikh. Sadaka imene timaphika pokumbukira omwalira, sadaqa, mphatso yachifundo. Sikiri amene ndinkaonera ndili mwana kunyanja, dhikr, kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Ngakhale ndalama, akatswiri a zilankhulo amati zinachokera ku darahim, kuchulukitsa kwa dirham. Ambiri mwa mawuwa anatipeza kudzera m'Chiswahili, panjira yomweyo imene inadutsa minyanga ndi akapolo. Mwana wanga anamvetsera zonsezi kumpando wakumbuyo, kenako anafunsa kuti ndalama n'chiyani. Tonse tinaseka, koma ine kuseka kwanga kunali kwa pakamwa pokha.

Nkhondo imene inakula ku Yemen mu 2015 yabweretsa mabanja atsopano kuno, ndipo abwera ndi chilankhulo chamoyo. Mayi wina mwa iwo amaphunzitsa ana Chiarabu Loweruka m'mawa. Mnansi wanga ankaperekeza zidzukulu zake n'kumadikira panja. Tsopano amalowa, n'kukhala pakampando ka ana ndi kope lake, mayi wa zaka 70. Akuti zidzukulu zimawaseka katchulidwe, ndipo mawu amalowa lero n'kutuluka mawa. Ndinawafunsa kuti akuvutikiranji pa msinkhu umenewu. Anati ana a azakhali aja alipo, ali ndi foni, ndipo pali uthenga umene wakhala ukudikira zaka 30.

Kwathu sitinachite zazikulu. Tinangogwirizana ndi bambo a ana kuti pa chakudya chamadzulo Chingerezi chizidikira pakhomo. Masiku oyamba patebulo pankangomveka masipuni, mwana atakwiya, akuti tikumuzunza. Lamlungu tikaimbira kumudzi ndimapereka foni n'kupita kukatsuka mbale, kuti pasakhale womasulira. Ndimamva ndili kukhitchini akupunthwa, akusakaniza, agogo ake akumukonza n'kumaseka. Sabata yatha ndinamva akufotokoza za mnansi wathu. Anati, "Agogo a next door amapanga keke ya uchi, ndi yokoma kwambiri, koma mandasi a amami ndi olimba." Amayi anaseka mpaka kutsokomola, ndipo madzulo anandiimbira kuti andikumbutse kuchuluka kwa yisiti.

Mbale ija ikuyendabe. Imapita ndi mandasi, nthawi zina ndi futali, n'kubwera ndi bint al-sahn kapena zipatso za kanjedza m'mwezi wa Ramadan. Inang'aluka pang'ono m'mphepete, ndipo tsiku lina tinakangana kuti kodi mwini wake weniweni ndani, aliyense akuti ndi ya mnzake. Amene amainyamula ndi mwana wanga. Akagogoda amapereka moni wa Chiarabu umene anaphunzitsidwa, ndipo kuseri kwa chitseko kumamveka mawu a Geordie akuyankha mosamala, silabulo imodziimodzi, kuti, "Ndili bwino, kaya iwe?"